Tsiku Limene Ndinafa ku Manassas

Nkhani iyi musakaifikitse kutchalitchi, chonde. Manyazi ake mpaka lero sanandichoke.

Amuna anga atamwalira, ndinatsala ndekha mu apatimenti ku Manassas, kuno kutsidya kwa nyanja. Tulo tinathawa. Fuliji ikangoti kho, ine dzambatu, ndati wakuba wafika. Alamu anga, a Tembo a ku Lusaka, omwe amagwira ntchito ya ulonda, anati ndigule mfuti andiphunzitse.

Kwa kanthawi ndinkawombera pa range, malo ophunzirira mfuti, magetsi ali ngwee, popanda vuto. Ndiye Loweruka lina a Tembo akuti, "Mulamu, kawalala sabwela na nyali. Lelo tiyesa mumdima."

Mumfuti tinaikamo zipolopolo zenizeni zodzitetezera, zija ndimasunga kunyumba. Mphunzitsi wa pamalopo anachepetsa magetsi. M'makutu ndavala zotsekera, sindikumva kanthu. Ndinakoka kachitsulo kowombera.

Ng'aniii! Moto pamaso panga! Kenako mdima bii, pakati pake kakuwala kobiriwira kakuyandama.

Tsono ine ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. Ndi angati andiuzapo potsirizika kuti akuona kuwala? Ndinangodziwa kuti mfuti yandiphulikira, ndapita basi. Ndinaiika pathebulo bwinobwino, n'kugwada, n'kuyamba ndi mawu onse:

"Abambo a Chisomo, ndafika! Ndilandireni! Munandisiyiranji ndekha kudziko la eni? Mbale ndimatulutsabe ziwiri, mukudziwa inu?"

Wina anandigwira paphewa. Ndinalikoka dzanjalo n'kulikumbatira pachifuwa. Linali lojintcha, osati lija lowonda la kuchipatala.

"Mayo ine, mwanenepa kuno! Akukudyetsani bwino eti!"

Magetsi anayaka.

Linali dzanja la mphunzitsi, mzungu wandevu, nkhope itafiira ngati phwetekere. Anthu onse angoti kakasi kundiyang'ana.

A Tembo anandivula zotsekera zija. "Mulamu, ni flash chabe! Mfuti yanu ni ifupi, onga umapsela panja, maso yachita khungu pang'ono. Tizagula zipolopolo za low flash, zosawala maningi."

"Ndiye sindinafe?"

"Awe! Muli moyo!"

Apo m'pamene ndinalira kwenikweni. Anthu ankayesa ndi misozi ya chisangalalo, mayi wina mpaka kuwomba m'manja, ati "God is good!" Sanadziwe. Chinkandipweteka ine n'choti ndibwereranso kunyumba ija, ndikatsekule chitseko popanda wondifunsa kuti ndaswera bwanji.

Mphunzitsi uja anatsokomola, n'kupempha mwaulemu kuti ndimubwezere dzanja lake.

Musanakumbatire malemu, abale, dikirani kaye ayatse magetsi.