Khola la Nkhuku la Apongozi ku Chimwemwe

Pali buluku lina la khaki limene mkazi wanga anakana kulisoka, akuti likhale mboni. Nkhani yake ndi iyi.

Ufulu utangobwera, ine ndinakwezedwa kukhala kalaliki pa mgodi ku Kitwe, pampando umene kale ankakhalapo mzungu. Ndinali nditangokwatira Esinati, mwana wa mkulu wa mpingo wa ku komboni ya Chimwemwe. Apongozi aamunawo anagwira ntchito pansi pa mgodi zaka zambiri, ndipo zinandifika kuti ankati, "Mkamwini wathu ndi wabwino, koma manja ake ndi a pensulo basi." Mawuwo ankandiwawa, sindinama. Ndinkangofuna tsiku loti andione kuti nanenso ndine munthu.

Tsikulo linafika Loweruka lina, atanena kuti akufuna khola la nkhuku 50 kuseri kwa nyumba. Nkhuku iliyonse inkafunika masikweya fiti 4, ndipo ankafuna kuti mulitali mukhale kawiri mulifupi.

"Bambo, musavutike ndi chingwe," ndinatero. "Izi n'za alijebura."

Ndinalemba pa katoni. Malo onse ndi masikweya fiti 200. Mulifupi ndi x, mulitali ndi 2x, ndiye 2x kuchulukitsa ndi x ndi 200, kutanthauza kuti x ndi 10. Khola la mafiti 10 kwa 20, kuzungulira konse mafiti 60. (Masamuwo ngolondola mpaka lero, aliyense atha kuyesa.)

Apongozi anayang'ana katoniyo nthawi yaitali. "Koma bambo, nanga pa..."

"Zonse x waziona kale, Bambo."

"Chabwino," anatero, n'kukakhala pampando wawo pansi pa mupapaya.

Tinagula waya wa mafiti 60 ndendende, wotalika kupitirira mutu wanga. Ndinakumba mayenje, n'kuimika mapolo, n'kuyamba kukhoma waya ndili mkati. Mkatimo munalinso apongozi aakazi, akukumba mbatata zawo zomaliza malo asanakhale a nkhuku. Mukudziwa mwambo wathu: mkamwini ndi apongozi aakazi sayandikizana, sayang'anana m'maso. Iwo anandifulatira, ine ndinaweramitsa mutu, ndikuzungulira polo ndi polo. Pansi ndinkakwirira wayayo bwinobwino kuti agalu asadzafukule.

Msomali womaliza unalowa, waya n'kukumana pomwe ndinayambira, osatsala ngakhale inchi. Ndinanyadira. Mnansi wa Chibemba anasuzumira pampanda wake n'kuti, "Mwabombeni mukwai," kundithokoza pa ntchito. Kenaka anayang'ana khola lonse n'kuitana mkazi wake.

Ndinatola hamala kuti ndituluke. Ndinayenda mafiti 20, ndinakhota, ndinayenda 10. Ndinakhotanso, paliponse waya yekhayekha.

Apongozi aakazi anali atamanga kale mbatata zawo m'chitenje, atakhala pakona, akuyang'ana waya. Sanalankhule ndi ine ayi. Anaitana mwana wawo.

"Esinati, tawafunsa amuna ako. Ine nditulukire pati?"

Esinati anali atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Munthu wanzeru akanapempha pulayazi yodulira waya pomwepo. Ine ndinaganiza zokwera. Ndinaponda waya, unapindika. Ndinagwira polo, linapendama. Nditakweza mwendo pamwamba, buluku linakodwa n'kung'ambika kuyambira kumbuyo mpaka m'bondo. Ndinagwera mkati momwemo, pafupi ndi mbatata, pafupi kwambiri ndi munthu amene mwambo umati ndimupatukire njira. (Apa anansi anali atafika mabanja atatu, ena ndi mipando yawo.)

Apongozi aakazi anamasula chitenje chinzake n'kuchiponya chakumbuyo, osacheuka. Ndinachivala.

Apongozi aamuna anadzuka mosafulumira, n'kupisa m'thumba la jekete. Pulayazi inali momwemo chiyambire m'mawa. Anadula waya mafiti atatu, n'kuupinda bwino, akazi awo n'kutuluka. Kenaka anandipatsa chidutswacho.

"Bambo, masamu anu ndi abwino," anatero. "Ife kumgodi, tisanayambe kukumba, timayamba tafunsa potulukira."

Ndinatuluka ndi chitenje cha apongozi, nditawerama, pa khomo limene sindinaliwerengere.

Nkhuku 50 zija zinakwanamo bwinobwino, ndipo mfundo imeneyi ndimaikumbutsa aliyense, ngakhale palibe amaifunsa. Alijebura sindinaisiye. Koma mpaka lero, ndikangotenga pensulo n'kunena kuti "tiyerekeze kuti x," Esinati amanyamula mpando wake n'kukakhala panja.