Ng'ombe ya miyendo itatu

Lolemba

Ndapatsidwa udindo. Ana a kalasi lachitatu, la mwana wanga Rozita, aumba mphatso zadongo zoti apatse makolo awo pa Natale, chikondwerero cha kubadwa kwa Yesu. Aphunzitsi awo, Apulofesola Felizimina, akuti ndiziwotche ine, poti ndimaumba njerwa. Asankha bwino. Njerwa zanga zamanga nyumba mpaka ku Domwe.

Zabwera pa ngolo, zofunditsidwa udzu. Ndaziyala m'kanyumba kosungira kachewere. Zilipo izi:
- ng'ombe, zochuluka
- timiphika ndi timbale
- njinga yamoto (ndikuganiza choncho)
- zina zimene Mulungu yekha akuzidziwa

Mayina palibe. Mwana aliyense wajambula kachizindikiro kake kunsi, chifukwa ndi chinsinsi mpaka Loweruka, tsiku lotsekera sikola. Rozita: "Ababa, yanga musaifufuze!" Sindikufufuza. Ndikungoyang'ana.

Dongosolo: ziume mpaka Lachinayi, Lachisanu moto, Loweruka kupereka. Palibe chovuta.

Magalasi anga asowa m'mawa wonse. Ali m'lichero.

Lachiwiri

Mvula. Ikakata, nkhungu. Dongo likuuma mwaulesi.

Ndaziyendera chimodzichimodzi ndipo mtima suli m'malo. Nyanga zosiyana kutalika. Mphika wopendekeka ngati waledzera. Mbale yoti ndiwo zingatayikire pamwendo. Anthu akadzaziona sadzanena za ana ayi, adzati, "Anawotcha ndani?"

Choipa koposa chili pakona: ng'ombe ya miyendo itatu, yopanda mutu, msana wolowa m'kati ngati chipande. Ine sikola ndinalekera kalasi lachinayi, koma miyendo ya ng'ombe ndimaidziwa. Ndikumvera chisoni bambo amene adzalandire chimenechi pamaso pa anthu.

Ya Rozita ndaizindikira kale. Ndi kamphika kosalala, ka mizere yoongoka. Magazi sanama!

Magalasi: m'thumba la mbewu ya nyemba.

Lachitatu

Sindinagone bwino. Ndatenga dongo kudambo, kungokonza pang'ono. Ana sadzadziwa, adzangosangalala.

Zimene ndakonza:
- nyanga zonse, tsopano zalingana
- mphika woledzera, ndauchirikiza kunsi
- njinga ija, ndaiika chishalo
- makutu a chinthu china chimene mwina ndi nkhumba

Ng'ombe yapakona yandidyera tsiku. Ndaipatsa mwendo wachinayi. Dzenje lapamsana ndalidzaza, ndaumbapo linunda lokongola ngati la nkhunzi ya ku Lifidzi. Mutu umene ndaiumbira umangogwa, ndiye ndaulumikiza ndi waya wa mpanda, nyanga ndi zonse. Tsopano ndi ng'ombe yoti munthu n'kuloza.

Amake Rozita aima pakhomo ndi khasu paphewa: "Dongo louma silikwatirana ndi laliwisi, bambo. Mukanafunsa oumba mbiya." Ndawauza kuti dongo ndi dongo. Aseka, apita kukapalira.

Kamphika ka mizere sindinakakhudze. Kalibe cholakwa.

Lachinayi

Mvula yomweyo! Za ana zauma. Zanga sizinaume. Ndikakanikiza linunda, chala chikulowa.

Ndasamutsira zonse pansanja ya kukhitchini kuti utsi uthandize. Nkhuku yathu yoikira imakonda nsanja yomweyo. Njinga yamoto tsopano ili pawiri. Ndaimata.

Apulofesola atumiza uthenga pa foni: "Zonse zili bwino, bambo?" Ndayankha kuti zili bwino kwambiri. Mawu oti kwambiri sindikudziwa chimene ndawaonjezera.

Rozita akungondizungulira, akumwetulira. "Ababa, mudzaikonda. Ndaganiza za inu nokha." Ndatsala pang'ono kumuuza kuti mizere yaongoka bwino.

Magalasi ndawafuna mpaka kukhola. Ali pamphumi.

Lachisanu

Kwacha bwino, dzuwa. Ndamanga kauvuni ka njerwa kuseri kwa nyumba. Zitsononkho, ndowe zouma, nkhuni zowaza bwino. Ndasanja zonse mofatsa. Ndayatsa.

Poyamba bata. Kenako tho! Tho! Phu!

Ana a oyandikana nawo athamangira kuno, akuyesa ndikukazinga mbuliwuli. Chinthu chakuda chadutsa pafupi ndi khutu langa n'kukagwera m'munda wa kachewere. Ndachitola ndi masamba. Linunda.

Madzulo ndafukula phulusa:
- zimene sindinakhudze: zonse zamoyo, zofiira bwino, zikulira ngwee
- nyanga zanga: zathothoka, zatenga ndi za ana zomwe
- mphika woledzera: ulibe tako
- njinga: tisaikambe

Ng'ombe yapakona yataya linunda ndi mwendo wanga. Yabwerera pa miyendo itatu ndi dzenje lake. Mutu wokha wakana, waya wagwira.

Amake Rozita ayang'ana zophwanyikazo, ayang'ana ine, apita kukaphika. Bola akanalankhula.

Loweruka

Kusikola. Makolo pamabenchi, mphatso patebulo pansi pa mtengo. Ine ndakhala kumbuyo kwenikweni, chipewa chofika m'maso.

Ana akutembenuza zinthu kufuna zizindikiro zawo. Wina: "Apulofesola, ng'ombe yanga inali ndi nyanga!" Bambo ake akuilandira ndi manja awiri: "Yabwino imeneyi, sigunda anthu." Mayi wa mphika wopanda tako akuti adzabzalamo duwa. Anthu akuseka, palibe wandiloza. Ndayamba kupuma.

Kamphika ka mizere kanyamulidwa ndi mwana wina, wa amene amakonza njinga ku Kalomwe. Si Rozita.

Rozita akuzungulira tebulo, akubwereranso. Watsala yekha. Patebulo patsala chimodzi. Akuchitembenuza, akuyang'ana kunsi nthawi yaitali, akubwera nacho pang'onopang'ono.

"Ababa, ichi n'choikapo magalasi anu, kuti musamawafune. Miyendo itatu ngati mafuwa, chisamagwedere. Koma wina wachiika mutu."

Ndati, "Moto umachita zodabwitsa, mwanangu."

Iye: "Moto uli ndi waya wa mpanda wathu?"

Amake atsokomola mpaka atuluka pamzere. Njira yonse yobwerera Rozita watsogola yekha, osacheuka.

Lamulungu

Misa yatha, tafika, mvula yayambiranso. Rozita akungondilambalala chiyambire dzulo.

Ndatenga pulayala, ndamuuza kuti ndichotse mutuwo, chikhale monga anachiumbira. Wachilanda. "Ababa, musachikhudzenso." Wachiika pawindo pafupi ndi wailesi, wandivula magalasi, wawagoneka m'dzenje muja. Akwana ndendende. Akuti anawayeza ndi kaudzu asanachiumbe, tsiku lina ndikuwafuna kumunda.

Kenako wawatenga n'kuveka ng'ombeyo kumaso. Amake: "Eee, yafanana ndi mwini wake." Rozita waseka mpaka kukhala pansi. Ndiye kuti takhululukidwa, ine ndi ng'ombe.

Apulofesola atumiza mawu othokoza. Akuti chaka chamawa ana adzapanga zamapepala.

Magalasi ali m'malo mwake. Lero sindinawafune.

Nyanga yakumanzere yapendekeka pang'ono. Ndikuiona bwinobwino ngakhale osavala magalasi. Manja ndaika m'thumba.