Esnati Asakagwade pa Intaviyu

Lolemba

Uthenga wafika pa foni ya Amayi: Esnati, mlongo wanga wamng'ono, akuitanidwa ku intaviyu ku koleji ya uphunzitsi Loweruka lino. Amayi akulira. Bambo akutsokomola, komwe ndi kulira kwawo.

Malo ndi ochepa, ofuna ndi khwimbi. Akalephera ulendo uno, a Malume ali kale ndi mnyamata wina wa ngolo amene wakhala akufunsa za iye.

Ndadzipereka kumukonzekeretsa. M'banja muno ndine ndekha amene ndinalowapo mu intaviyu, kangapo konse. Ntchito sindinaipeze, koma mipando yake ndimaidziwa.

Vuto ndi mbiri yake. Esnati wa lero ndi wa mapointi a Fomu 4 amene ahedi anawerenga kawiri asanakhulupirire. Esnati wa Fomu 1 ndi 2 ankachoka pakhomo ndi yunifolomu, n'kukathera pamsika wa pa Lizulu, m'malire, beseni la kachewere pamutu, kuthamangitsa mabasi. Aphunzitsi akamutsatira, iye ankangowoloka msewu, n'kuima mbali ya Mozambique: "Pepani aphunzitsi, kunotu ndi dziko lina." Anamuimitsa sukulu. Anabwerera yekha, popanda womukoka, n'kubwereza kalasi pakati pa ana omulekeza m'khwapa.

Malamulo anga:
1. Osagwada. Anthu a ku koleji safuna zachimudzi.
2. Kuyang'ana munthu m'maso.
3. Mawu omveka.
4. Za pa Lizulu, zii! Akafunsa za zaka zimenezo: "mavuto a pakhomo."

Wamvetsera zonse akusenda kachewere. Wangoti, "Chabwino, achimwene." Chabwino ameneyu sindikumukhulupirira.

Lachiwiri

Kuyeserera. Tayambira pa Bambo, osawauza, kuti zioneke zenizeni.

Esnati akubwera ndi tiyi, chilili. Akuika kapu patebulo. Maso tong'o pa Bambo. Akuwapatsa dzanja: "Mwadzuka bwanji, bambo Ngozo?"

Bambo akucheuka kuona ngati kumbuyo kwawo kuli bambo Ngozo wina.

"Mayi ake! Mwanayu wayambanso?"

Amayi atulukira ndi tsache. Ndafotokoza kuti ndi maphunziro. Tsache lasintha njira, labwera kwa ine. "Zaka zonsezi mwana wadziwongola yekha, iwe ukufuna umupinde sabata imodzi?"

Lamulo 1 ndi 2 aletsedwa pakhomo pano. Tiziyeserera kukhola. Ng'ombe sizidandaula munthu akaziyang'ana m'maso.

Lachitatu

Intaviyu yoyeserera, pansi pa mtengo wa mapichesi. Ofunsa: a Malume, ndi mayi Nachisale oyandikana nafe nyumba, amene anaphunzitsapo sukulu ya mkombaphala. Ndawalembera mafunso abwino kwambiri.

A Malume aika pepala langa pansi pa kapu kuti lisauluke, ndipo lathera pomwepo. Funso lawo loyamba: "Ukamamaliza sukuluyo udzakhala ndi zaka zingati?" Lachiwiri: "Ngolo ija unaiona?"

Mayi Nachisale sanafunse kalikonse. Akufotokoza za tsiku limene munthu wina analowetsa beseni la Esnati pawindo la basi, basiyo n'kunyamuka, Esnati n'kuikwera ikuyenda, kukatsikira ku Dedza, n'kubwera madzulo beseni lili m'khwapa. Onse akuseka, ndi mwiniwake yemwe. Lamulo 4 lathyoledwa ndi ofunsa mafunso!

Koma pena pake ndivomereze. A Malume atabwerezanso za ngolo, wawayankha maso ali pansi, manja pamodzi: "Malume, ngolo yabwino chonchi siingasowe wokwera." A Malume angomwa tiyi wawo wozizira. Ine yankho limenelo sindikanalipeza ngakhale akanandipatsa mwezi.

Lachinayi

Mawu. Ndapeza kuti Esnati ali ndi mawu awiri basi:
- olankhulira akuluakulu, amene udzudzu umawaposa;
- a pa Lizulu.

Ndamuuza akweze pang'ono, atchule dzina lake. Wakweza. Nkhuku balala! Mayi wina kutsidya kwa dimba wayankha kuti, "Tikukudziwa!"

Masana wandizemba. Ndamupeza kuseri kwa tchalitchi ndi atsikana angapo a Sitandade 8, akuwaphunzitsa masamu, akudula mbatata pakati, kenako pakatinso. Wina amene saoneka kusukulu masiku a msika wakhala kutsogolo kwenikweni. Akuti Esnati anachita kukamutenga pamsewu.

Ndaima paseri ndikumvetsera. Sakunong'ona, sakukuwa, mawu aliwonse akufika. Ndiye kuti mawu apakati ali nawo. Kungoti sanawasungire ine.

Lachisanu

Nsapato zazitali zobwereka kwa msuweni wathu. Wayenda nazo kuchoka pakhonde kukafika pankhokwe ngati mwanawang'ombe wobadwa lero. Wavula. Apita ndi zakusukulu zomwe zija, wazipolisha mpaka ndikudzionamo.

Ndayesanso lamulo 4, mofatsa.

"Achimwene, pakhomo panalibe vuto. Vuto ndinali ine. Ndikawanamizire Amayi pamaso pa alendo?"

Ndati chabwino, angodumpha zaka zimenezo.

"Ndikazidumpha, ndikawauza kuti ndinabwerera kuchokera kuti?"

Ndapita kukaona ng'ombe.

Malamulo otsala: palibe. Udindo wanga mawa: kunyamula chikwama.

Loweruka

Nkhungu, minibasi, koleji. Khonde ladzaza ana ovala majekete, milomo ikugwedera, akuloweza mayankho. Onse akuoneka ngati anabadwa atakhala pa desiki.

Amuitana. Chitseko chisanatsekeke ndikuona ndi maso angawa: wagwada! Osati kupinda maondo pang'ono. Mpaka pansi.

Ndikudikira. Anzake amatuluka msanga, iye ayi. Kenako phwete m'katimo. Kenako, Mulungu wanga, mawu a pa Lizulu: "Kachewereee!" Khonde lonse lacheuka. Ine ndikuyang'ana chikwama ngati sindikudziwa mwiniwake.

Watuluka akupukuta thukuta. Akuti anamufunsa chimene angachite ndi mwana wothawa sukulu. Wawauza kuti sangamudikire pageti ndi ndodo. Angapite kumene mwanayo amagulitsa, n'kumugula kaye, kenako n'kucheza naye. Ndi mmene mphunzitsi wina wa masamu anachitira ndi iye: anawoloka msewu, n'kukhala pa thumba la kabichi mpaka mabasi atatha. Mayi wina mwa ofunsawo amadutsa pa Lizulu kawirikawiri, ndiye anapempha amve ngati wogulitsayo ndi weniweni.

Nkhani ya mphunzitsi wa masamuyi ine ndikuimva lero. Sabata yonse sindinamufunse chimene chinamubweza.

Chakumadzulo amata mayina pa bolodi. Ndikuyambira pansi, monga ndinazolowera. Ndikukwera, ndikukwera, palibe. Esnati wandigwira chigongono, n'kukankhira chala changa m'mwamba.

Lilipo!

Lamulungu

Kutchalitchi alengeza. Nthungululu mpaka malata kunjenjemera. A Malume akuuza aliyense kuti za ngolo zija ankangomuyesa. Amayi, mwa chifundo chawo, akuti, "Mkulu wakeyu ndi amene anamukonzekeretsa." Makolo angapo andipempha kale kuti ndiphunzitse ana awo. Ndawauza kuti ndatanganidwa.

Ndatanganidwadi. Mwezi wamawa ndili ndi intaviyu ya ukalaliki pa sitolo ya fetereza ku Manjawira. Ndamupempha Esnati monong'ona kuti andikonzekeretse. Sanaseke, Mulungu amudalitse. Lamulo lake ndi limodzi: ndikanene zoona za ine.

Ndakhala pakhonde masana onse ndikuzisonkhanitsa. Sindinathawepo sukulu. Sindinaimitsidwepo. Sindinabwererepo kuchokera kulikonse. Ndaziyeserera mokweza: zoona zanga zonse zikutha wofunsa asanatsegule n'komwe cholembera.