Namwali wa Miyendo Itatu

Lolemba

Bambo aimba kuchokera ku Joni. Abwana awo awakaniza tchuthi, ndiye pa chinkhoswe cha mlongo wanga Esinati Loweruka lino sadzakhalapo. Mwana wawo wamkazi ndi yekhayu. Akuti, "Undijambulire, ndimuone nkhope akamamuvundukula. Koma osati zija za pa ukwati wa msuweni wako."

Zija akunenazo ndi vidiyo imene ndinajambula chogwirira m'manja. Oonera anadandaula chizungulire, ndipo abusa ankaoneka ngati akumangitsa ukwati ali pa kabaza. Ulendo uno ayi. Ndawalonjeza.

Zofunika:
sitandi ya miyendo itatu
foni yodzaza moto
malo mufonimo
abale osandituma

Lachiwiri

Ndapalasa njinga mpaka pa Kabudula. A Yusufu, aja amajambula zithunzi za pa ziphaso kuseri kwa golosale yawo, andibwereka sitandi yawo yakale. Akuti, "Ndi yabwinobwino, bola osaikhudza." Mwendo umodzi umabwerera wokha mkati. Kopanira foni kanathyoka kalekale, ndiye ndamangira ndi mphira wa chubu cha njinga.

Mayi aizungulira, aiyang'ana m'mwamba ndi pansi. "Mafuwa a foni amenewa, eti?" Ndayamba kuwafotokozera za ukatswiri wake, iwo apita kukapeta mpunga ndili pakati.

Lachitatu

Tsiku loyeserera. Malamulo ndawaloweza: dzuwa likhale kumsana kwa wojambula, foni igone chopingasa, diso lake lifanane ndi maso a munthu, ukayatsa uchotsepo manja.

Bwalo lathu ndi lotsetsereka. Ndakulira pomwepa osadziwa. Njerwa pansi pa mwendo wodwala uja, phale pamwamba pa njerwa. Esinati akukana kuima kuti ndiyese, ati akuluka tsitsi ndipo ndisamulodze nkhope. Ndajambula mbuzi. Yatuluka bwino zedi, moti sindinadziwe kuti mbuzi yathuyi ndi yokongola chonchi.

Ndalowa m'nyumba kukamwa madzi. Potuluka ndapeza mayi ayanikapo sefa ndi kansalu kopukutira mbale.

Lachinayi

Kutentha kwa mwezi uno si kwamasewera. Foni yakhala padzuwa pang'ono chabe, yalemba kuti yatenthedwa, yazima yokha. Mtima wanga nawo wazima.

Azakhali a Nabanda, achemwali a bambo, afika kudzathandiza zophika. Ndawauza kuti foniyi imadana ndi dzuwa ngati khanda. Andimvetsera mpaka kumapeto, ayankha kuti, "Usade nkhawa, mwana wa achimwene, tiziyang'anira." Pakhomo pano papezeka munthu mmodzi wolemekeza luso.

Malo mufoni achepa. Ndafufuta nyimbo zanga zonse, zithunzi za fodya wa chaka chatha, ndi mbuzi. Ya mbuzi yandiwawa.

Lachisanu

Abale adzaza. Aliyense akufuna chithunzi pa sitandi, wina ndi chipewa, wina wopanda chipewa, wina atagwira wailesi. Moto wathera pamenepo. Pa Kabudula magetsi azima, ndiye ndatchaja pa sola ya aphunzitsi oyandikana nafe, yangofika pakati.

Amalume agawa ntchito za mawa. Zanga: mabenchi a ku tchalitchi, madzi osamba m'manja, ndi kusunga thadzi loti tidzapereke kwa akuchimuna. Ndati ine ndine wojambula. Akuti, "Si wanena wekha kuti chinthucho chimaima chokha? Nanga manja akowo ali ndi ntchito yanji?"

Ndinadzitamandira ndekha, ndilibe womunena.

Loweruka

Ndaimika sitandi m'mphepete mwa mphasa pomwe atsikana adzaime. Ndaikweza kufika msinkhu wa Esinati. Njerwa ilipo, phale lilipo, dzuwa lili kumsana. A ku Nambuma, kwawo kwa Limbani mwamuna wake, akhala kale pa mabenchi. Ndadina kofiira, ndachotsapo manja monga mwa lamulo.

Thadzi ladula chingwe.

Ndalithamangitsa kudutsa kuseri kwa chigafa cha fodya, m'munda mwa eni ake, mpaka kudimba. Nkhuku yodziwa kuti ikupita kuchilendo imathamanga mwina.

Ndikubwerera nalo kukhwapa, nyimbo zafika kale pachimake. Atsikana afola pa mphasa, aliyense wafundidwa chitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kuti akuchimuna aloze wawo. Ndikuwerenga: mlongo wanga, anzake, ndipo kumapeto wina wowonda amene sindikumudziwa. Sitandi sindikuiona. Azakhali akundikodola chapatali, akuloza dzuwa, akuloza wowondayo, akumwetulira ngati achita zazikulu.

Mayo ine!

A Phiri, nkhoswe ya Limbani, ndi munthu wamkulu ndipo maso anayamba kuchita nkhungu. Akuyenda pang'onopang'ono kutsogolo kwa atsikana. Onse akunjenjemera ndi phwete m'kati mwa nsalu, kupatula mmodzi. A Phiri aima pa iyeyo. "Wathu ndi uyu. Taonani kudekha kwake, mwana woleredwa bwino."

Ndikufuna kukuwa koma pamaso pa akuchimuna sungakuwe. Akoka chitenje. Mwendo wodwala wabwerera mkati, namwali wagwa chagada, foni yaulukira pansi pa benchi. Amayi a ku Nambuma akugubuduka pa mphasa ndi kuseka. Wina akuti, "Ameneyo mutenge ndithu, sadya zambiri."

Ndikukwawa pakati pa miyendo ya alendo, thadzi likadali kukhwapa. Kumsana kwanga nthungululu zaphulika. Amuvundukula Esinati. Foni ndaipeza itazima.

Lamulungu

Ndaionera vidiyo ija. Chilungamo chake, sindinajambulepo chinthu chosagwedezeka chonchi. Poyamba mphasa yopanda munthu, kenako dzanja la azakhali, kenako nsalu. Maluwa achikasu, dzuwa likuwala kuseri kwake, nthawi yaitali ndithu. Nyimbo zikumveka bwinobwino, ndipo penapake pakumveka kuseka kwa Esinati chapafupi. Pomaliza mphuno ya a Phiri, thambo, basi.

Esinati sakundilankhula. Azakhali akuuza aliyense kuti pakanapanda iwo foni ikanapsa. A Yusufu amva kale, atumiza uthenga woti namwali wawo abwerere mawa asanapeze banja.

Ndaitumiza choncho kwa bambo, nanga ndikanatani. Ataionera, aimba. Mawu awo ali pansipansi.

"Chitenjecho ndi cha amako. Ndinawagulira ndine pa Nsaru, iwe usanabadwe. Ndachiona bwino, duwa lililonse." Kenako afunsa kuti, "Koma iwe, atamuvundukula mwana wangayo, anamwetulira?"

Ndati, "Kwambiri, bambo."

Ineyo sindinamuone. Ndinali pansi pa benchi.