Wotchi Yokana Kutsika

Lolemba

A Tcheyamani a chipani afika m'tiyirumu ya mayi akunyumba, pano pa Malindi. Akumwa tiyi, maso ali kukhoma. Akuti wotchi yathu ili pamwamba kuposa chithunzi cha Pulezidenti, zimene n'zosaloledwa. Ikapanda kutsika pofika Loweruka, tiyirumu itsekedwa.

Ndikuseka chamumtima. Ine, amene ndinkamasula mainjini a sitima ku Monkey Bay! Masikuluwu atatu okha, omwe ndinamanga ndekha pamtanda wa mlombwa poopa akuba. Mawa, tiyi asanapse.

Lachiwiri

Tiyi wapsa, watha, wina wapsanso. Sikuluwu sakutembenuka. Chinyontho cha kunyanja chaika dzimbiri, ndipo kangalande ka pamutu pake kafufutika. Sikuludiraiva ikungoterereka.

Kushedi kwanga kuseri ndatengako:
palafini
ndimu
hamala
kachidutswa ka chubu cha njinga

Chubu ndikuika pamutu pa sikuluwu kuti sikuludiraiva igwire. Yagwira chala changa!

Lachitatu

Lero ndicheka ngalande yatsopano ndi mpeni wa sowo ya zitsulo. Umisiri weniweni ndi umenewu. Sikuluwu woyamba wachekeka bwino, ndakondwa, ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi. Ndikupotokola, mutu wagawanika pawiri ngati mtedza.

Asodzi aleka kupita kukasoka makoka, akuonerera. A Saidi akuti, "Amisiri, sitima zija zinkafikadi?" Ndili pamwamba pa tebulo, munthu sakangana ali pamenepo.

Lachinayi

Tupa. Ndikusalaza m'mbali mwa mutu wachiwiri kuti pulayala igwire. Tuzitsulo tukugwera m'mbale ya shuga. Mayi achotsa mbaleyo.

Pulayala yagwira, yadula mutu wonse. Koma wotchi ili nji! Wachitatu akuigwira yekha. Amene anamanga masikuluwu awa analibe chifundo.

Lachisanu

Moto tsopano. Ndikutenthetsa msomali pambaula, ndikuugunditsa pa sikuluwu kuti dzimbiri lilekerere. Mtanda wayamba kufuka, makasitomala athawa ndi makapu m'manja.

Mantha andigwira ndithu. Tiyirumu iyi ndiyo ikutidyetsa, penshoni yanga ndi ya fodya chabe. Mayi akuti, "Bambo, tsikani, mwagwira ntchito." Ndatsika. Usipa wa masana sukundikomera.

Loweruka

Ndikulawirira kushedi kukanola tchizulo. Pobwera ndikupeza mayi akhoma msomali umodzi pamtanda, apachika chithunzi kutsogolo kwa wotchi. Chaiphimba yonse, sikuonekanso.

A Tcheyamani afika. Akuyang'ana: pamwamba pa chithunzi palibe kanthu. Akugwedeza mutu, akuyamikira. Kenaka khumi koloko yakwana. Pulezidenti akulira: ngo, ngo, ngo, mpaka kakhumi!

A Saidi tiyi wawatsamwa. A Tcheyamani avula chipewa, aimirira mowongoka mpaka kutha, kenaka aitanitsa sikono. Tapulumuka!

Lamulungu

Tabwerako kutchalitchi. Zala zitatu zomanga nsanza, sowo yothyoka, sikuluwu wachitatu ali phee pamalo pake. Mayi akuuza amzawo kuti ntchito yonse ndagwira ndine, ndipo akuseka.

Wotchi ija ndi yopukusa ndi kiyi, tsiku lake ndi lero. Kuti ndiipukuse ndiyenera kuyamba ndatsitsa chithunzi. Ndaima pansi pake, kiyi m'manja, ndaganiza bwinobwino.

Iime basi. Nthawi tizionera dzuwa.