Ejvind Kragh ndi Dziwe Lathu Lotentha

Ejvind Kragh ankamvetsera madzi ngati mmene ena amamvetsera wailesi, ndipo pachilumba pathu tinazolowera. Kwa zaka makumi awiri ndiye ankasamala dziwe lovundikira limene timasungamo kutentha kwa dzuwa la chilimwe, kuti m'nyengo yozizira kuziyenda m'mapaipi mpaka m'nyumba zathu. M'mawa uliwonse ankagwada pachivundikiro chake, chachikulu ngati bwalo la mpira, n'kugunditsa khutu. Ukamufunsa, ankati dziwe lagona bwino, kapena lalota zoipa.

Nkhosa zimene zinkadya udzu pakati pa magalasi okolera dzuwa anazitcha mayina a anthu a m'komiti yoyang'anira dziwelo. Tsiku lina analengeza m'sitolo kuti wapampando watafuna waya, ndipo mkazi wa Torben, wapampando weniweni, anagwetsa mazira.

Mu Januwale, kukamazizira kwambiri kwathu kuno, ankalowa m'nyumba za anthu, n'kugwira paipi, maso ali chitsinzinire.

"Ili ndi dzuwa la tsiku lija unagwa panjinga pamaso pa abusa," anauza Gudrun wophika buledi.

"Iwe Ejvind, tenga buledi wakoyo uzipita," anatero Gudrun, koma iye atatuluka, anagwirako paipiyo.

Chaka china Ejvind anati chivundikiro chang'ambika, mvula ikulowa, kutentha kukuthawa. Makina oyezera ankati zonse zili bwino. Torben, mnzake wa paubwana, anawerengera mtengo wokonzera n'kutuluka thukuta.

"Khutu lakoli lingatidyere nyumba tonse," anatero.

Ejvind sanakangane naye. Anayenda wopanda nsapato pachivundikiro chonsecho mu Novembala, n'kuika njerwa pamalo atatu pamene mapazi ake anamva kufunda. Chipale chofewa choyamba chitagwa, anatigogodera m'mamawa khomo ndi khomo. Tinapeza chivundikiro chonse chili mbee, kupatula mawanga atatu akuda akufuka nthunzi pang'onopang'ono, lililonse ndi njerwa yake pakati. Torben anavula masokosi ake n'kupatsa Ejvind. Chivundikirocho chinakonzedwa chisanu chisanafike pachimake.

Ejvind anamwalira mu Seputembala, dziwe litadzaza kutentha, atakhala pabenchi yake moyang'ana magalasi. Ntchito inapita kwa Signe, injiniya wodziwa bwino zinthu, amene amaona zonse pakompyuta ndipo salakwitsa.

Chisanu chimenecho Signe anadabwa kuti anthu sakutsegula mapaipi mokwanira. Anayenda nyumba ndi nyumba kufunsa ngati china chawonongeka. Anapeza tonse tili m'majuzi awiriawiri. Kwa Torben anapeza mkuluyo atakhala pabalaza ndi jekete ndi chipewa, kapu ya khofi ili m'manja.

Signe anamuuza kuti kutentha kulipo kokwanira, palibe chifukwa chozizidwira.

"Ndikudziwa, mwanawe," anatero Torben. "Koma kumeneku ndi komaliza kumene Ejvind anasunga. Ndikufuna kufike mwezi wa Epulo."