Mwana ankangolira boma

Nkhani iyi amuna anga amaikonda kukabwera alendo, ndipo amaithira mchere wambiri. Bola ndiinene ndekha, manyazi ake ndiwasenze ndi mutu wanga.

Mchimwene wanga Wyson anapita ku Zambia kalekale, n'kukapeza ntchito yophika pa loji ina ya ku Nakatindi, mu Livingstone. Anakwatira mkazi wa mtundu wa Alozi, nabereka mwana wamkazi, Inonge. Mchimwene anatisiya, mlamu wanganso sanachedwe kutsatira. Mwana anatsala ndi mng'ono wa mlamu ku Libuyu, m'tauni yomweyo, amene anali kale ndi ana odzaza nyumba. Ife ku Lilongwe tinali titakhala pabanja nthawi yaitali popanda mphatso. Mabanja awiri anakambirana, n'kugwirizana kuti Inonge akhale wathu.

Ine ndinkayesa ndi nkhani yokwera basi, kubereka mwana kumsana n'kubwerera. Ndinanyamula zovala za sabata imodzi.

Nditafika anandiuza kuti mwana saoloka malire ngati thumba la mtedza. Pankafunika kalata ya kupolisi, ya kuchipatala, ya ukwati, zithunzi, zidindo za kumeneko ndi za kwathu, kenako khoti. Anatinso ndikhale ndi mwanayo mu Livingstone momwemo miyezi ingapo, aone ngati tikuzolowerana. Ndinachita lendi kachipinda m'dera la Linda. Pepala lina likamafika, lina limakhala litatha kale mphamvu. Zithunzi tinajambulitsa mpaka wojambula ankangoti akationa pamsewu n'kuyamba kupachika nsalu yoyera.

Amene ankayendetsa fayilo yathu ku ofesi yoona za ana anali mayi wina dzina lake Ba Mwangala. Ndinene zoona, mayiyo Mulungu anamulenga alibe changu. Wamtali, mano oyera, magalasi a golide, pafyumu wake ankatsala m'chipinda iye atapita kale. M'chikwama mwake simunkasowa switi. Ngakhale mawu akuti "fayilo ikali ku Lusaka, bwelani Monday" ankawanena mokoma moti unkatuluka ukuthokoza.

Inonge anali ndi zaka zitatu, wosalankhulalankhula. Akatsegula pakamwa pankatuluka chisakanizo cha Chilozi ndi Chinyanja cha m'tauni, ine n'kumangotolako apa ndi apo. Masiku oyamba sankanditchula chilichonse. Akafuna madzi ankangondikoka chitenje. Ine ndinkadikira liwu limodzi lokha, limene ndinalidikira zaka zonse za ukwati wanga.

Tsiku lina titachokera ku ofesi, ndikumuvula nsapato, anandiyang'ana m'maso n'kunena motsitsa kuti, "Boma."

Ndinaseka. Ndinati inde mwanawe, tachokera kuboma, ndipo Lolemba tipitanso. Kwathu ofesi ina iliyonse yokhala ndi mbendera timangoti kuboma, ndipo ine liwulo linali pakamwa panga tsiku lonse. Ndinaganiza kuti mwana watola kwa ine.

Koma sizinathere pomwepo. Akadzuka, boma. Akagwa n'kusupuka bondo, boma. Akamva njala, boma. Ndikalowa m'bafa ankaima pakhomo n'kumalira boma mpaka nditatuluka. Apa m'pamene mutu wanga unayamba kuwerengera zinthu. Mwana wa zaka zitatu angalire nyumba ya njerwa? Kuboma kuli ndani amene amamunyamula, kumupatsa switi, kumuyankhula Chilozi? Ine ndikuchapa, ndikuphika, ndikupsa ndi dzuwa la Livingstone pamizere, koma mwana akulira mayi wa magalasi.

Ndinaimbira amuna anga. M'malo mondilimbitsa mtima, anati mwina mayiyo ali ndi dzanja la ana, ndipo anafunsa ngati ndili ndi chithunzi chake. Ndinadula foni.

Sindinauze munthu wina aliyense, ngakhale mng'ono wa mlamu wa ku Libuyu uja. Ndikananena bwanji kuti mwana wa mchimwene wanga weniweni wandikana chifukwa cha switi? Ndinangolowa mpikisano mwakachetechete. Ba Mwangala akapereka switi imodzi, ine ndinkagula keke. Ndinafunafuna pafyumu ngati wawo mumsika, n'kupeza wina amene anachititsa mwana kuyetsemula tsiku lonse. Ndinafika pogula magalasi opanda mankhwala, maso anga ali bwinobwino. Inonge anandiyang'ana nditawavala, anaseka kwambiri, n'kuti, "Boma." Ndinati ehee, waona, ndafanana ndi amayi ako aja tsopano.

Ndinayambitsanso sukulu. M'mawa uliwonse ndinkamukhazika pampando, n'kudziguguda pachifuwa: nena amayi. Iye ankandigwira pachifuwa pomwepo n'kuti boma. Ndinkati ayi, a-ma-yi. Iye boma. Ndinkachoka n'kukatsuka mbale zotsuka kale.

Chimene chinandimaliza chinali tsiku limene khoti linasunthidwanso. Tinali mu ofesi, mwana ali pamiyendo pa Ba Mwangala, atalandira switi yofiira. Inonge anaikweza m'mwamba, kundionetsa ine, n'kunena mokondwa kuti boma. Ndinamva ngati akuti taonani, kuno ndiye kuli anthu. Ba Mwangala anamwetulira, n'kundiuza kuti zinthu zikuyenda bwino kwambiri. Ndinati m'mtima, zikuyendera inu.

Titafika kunyumba ndinachita chinthu chimene mpaka lero ndikachikumbukira ndimafuna kulowa pansi pa bedi. Ndinamukhazika mwana pamiyendo, n'kumuuza pang'onopang'ono kuti amvetse. Ndinati boma si labwino. Boma silikukonda. Boma limangokusekerera chifukwa ndi ntchito, mapepala akangotha lidzakuiwala, sudzalionanso.

Mwana analira kulira kumene sindinakumvepo. Anandikumbatira m'khosi mpaka kundipana, akusisima kuti boma, boma. Ine nanenso misozi, ndikuti taonani mmene akumukondera mayi uja. Tinalira awiri, aliyense maliro ake.

Mawa lake Inonge anali wachete. Sanafune kudya, ndipo ankanditsatira paliponse atagwira nsonga ya chitenje. Tsoka ilo, sabata yomweyo Ba Mwangala anabwera kudzayendera pakhomo. Ulendo umenewu ndi umene unali wofunika kuposa yonse, chifukwa zimene akanalemba n'zimene woweruza akanawerenga. Ndinakolopa kawiri, ndinaphika tiyi wamkaka, magalasi ndinawabisa.

Ba Mwangala anayang'ana pogona, anayang'ana khadi la sikelo, anafunsa za chakudya. Kenako anagwada pansi n'kumufunsa Inonge chifukwa chake sakuseka lero. Mwana anayang'ana pansi.

"Boma sibanikonda," anatero.

Nkhope ya Ba Mwangala inasintha. Kumwetulira konse kuja kunazima ngati magetsi. Anafunsa kuti anamuuza zimenezo ndani. Inonge anatukula kachala kake n'kundiloza ine, akunong'ona kuti boma. Ndinati basi, wandinenera kuboma.

"Ba Phiri," anatero Ba Mwangala, mawu ali ozizira, "ni zoona mwamuuza so mwana?"

Apa m'pamene nsanje ya miyezi yonse ija inaphulika. Ndinati inde ndinamuuza, ndipo sindinaname. Ndinati ine ndasiya nyumba, ndasiya mwamuna, bizinesi yanga ya makatani yafa, ndadetsedwa ndi dzuwa la kuno, koma mwana sananditchulepo amayi ngakhale kamodzi. Akagwa amaitana inu. Akamva njala amaitana inu. Inu mumangobwera ndi switi ndi pafyumu, matewera simunachapepo. Ndinati ngati mukumufuna mutengeni, fayilo muli nayo kale, chidindo muli nacho, mungochotsa dzina langa n'kulembapo lanu.

Ba Mwangala anafunsa kuti mwanayo amawaitana kuti chiyani. Ndinati boma, nanga si inu a boma.

Anavula magalasi. Anakhala pansi penipeni pasimenti. Mapewa anayamba kugwedezeka, ndipo ndinayesa akulira, koma kunali kuseka kosatuluka mawu. Atapeza mpweya anamutembenuza Inonge, n'kumufunsa m'Chilozi kafunso kakafupi. Mwana anathamanga n'kudzandikumbatira mwendo.

"Namufunsa kuti amai bake bali kuti," anatero akupukuta misozi. "Ba Phiri, mu Chilozi bo ma ni amai. Ine amaniitana ba aunty ba sweet. Boma ni imwe."

Zonse zinabwerera m'mutu mwanga: nsapato zija, pakhomo pa bafa paja, kadzanja kaja pachifuwa panga. Mwana anakhala akunditchula amayi kwa miyezi, ine n'kumamukonza. Ndipo pamapeto pake ndinamukhazika pamiyendo n'kumuuza bwinobwino kuti amayi ake samukonda, mapepala akatha adzamuiwala.

Ndinamunyamula. Ndinapepesa m'Chichewa, m'Chingerezi, ndi m'Chilozi chimene Ba Mwangala ankandiuza liwu ndi liwu. Ndinati boma limakukonda, boma silipita kulikonse, boma ndi chitsiru chabe. Inonge anandigwira masaya ndi manja onse awiri, kundiyang'anitsitsa ngati akufuna kuona ngati boma lino likunena zoona. Kenako anapempha tiyi.

Ndinafunsa mwamantha ngati zonsezi zilowa mu lipoti. Ba Mwangala anati alemba kuti mwana wazolowera kwambiri, koma mayi ake akufunika kuphunzira pang'ono. Khoti linachitika patapita miyezi ina iwiri, titajambulitsanso zithunzi, ndipo woweruza anatipatsa mwana. Tikutsanzikana panja, ndinawapatsa Ba Mwangala chitenje cha kwathu, maso ndili pansi. Analandira, n'kundinong'oneza:

"Nasebenza mu boma zaka zambili, koma sin'naonepo boma yozicitila nsanje yeka."

Ukakhala m'dziko la eni, yamba wafunsa tanthauzo, nsanje ibwere pambuyo.